Tikiti Yachiwiri ya Mayi Chimbalanga

Mukafunsa Amalawi a ku Glasgow kuno za Mayi Tisunge Chimbalanga, sayamba n'kukuuzani zoti amasamalira nkhalamba ku nyumba ina ya okalamba ku Maryhill, ngakhale ntchitoyo aigwira zaka zoposa khumi ndi zisanu popanda wowadandaula. Amangoti, "Aa, mayi osunga malo aja?" Dzina lawo ndi limenelo basi. Kutchalitchi amafika chitseko chisanatsegulidwe, n'kuyala chitenje pa benchi yachitatu, buku la nyimbo pambali pake, ambulera kumapeto. Amenewo ndi malo a anthu atatu, ndipo ukalakwitsa n'kusuntha ambulerayo sakuyankhula ayi, amangokuyang'ana mpaka uibwezere wekha n'kupepesa.

Khalidweli sanaliphunzire ku Ulaya. Anachoka nalo kwawo ku Ntcheu, kumene linawayamba chaka cha chilala cha 1992, pamzere wogula chimanga kudepoti. Mzere wa masiku amenewo sunali wa anthu okha. Munali miyala, matumba opanda kanthu, ngakhale patapata wakuthaitha. Mwala ukaikidwa pamzere unali munthu, ndipo mboni yake anali wakutsogolo. Lamulo lake linali limodzi lokha: munthu akakuuza kuti ali pambuyo pako, wakumanga, suchoka pamzerepo n'kumusiya. Tisunge anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri pamene wina anamukodola kumsana. Kutembenuka, anaona mnyamata wamtali wa chipewa chofiirira, ali thukuta kamukamu.

"Achemwali, ndili pambuyo panu. Mundisungire malo, ndikubwera."

Anasiya mwala n'kunyamuka. Anabwera mawa lake masana! Tisunge anali atakankha mwalawo ndi phazi tsiku lathunthu ndi theka, atakangana ndi amayi atatu ndi mlonda yemwe, chifukwa cha munthu amene ngakhale dzina lake sankalidziwa. Dzinalo linali Lucius, ndipo chaka chotsatira anakwatirana.

Musaganize kuti banja linamuwongola Lucius. Ku ukwati wake womwe anachedwa. Atasamukira ku Glasgow mu 2004, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo Kate, anapeza ntchito yokonza mabasi, koma mabasi omwewo ankamusiya. Lamulungu lililonse ankalowa m'tchalitchi nyimbo yachiwiri ili mkati, ali wefuwefu, chipewa m'manja, n'kuchotsa ambulera ija, kukhala, n'kunong'ona, "Pepani Nangozo, kuona maso a nkhono n'kudekha." Mu mzinda wonse wa Glasgow ndi iye yekha ankawaitana mayiwa ndi dzina la mfunda wawo. Iwo ankamutsina pantchafu osachotsa maso pa abusa, koma mumtima ankasangalala. Kudikira Lucius kunali kokoma chifukwa ankabwera ndithu.

Chaka chilichonse mu Julaye mpingo wawo umachita hayala basi kupita ku paki ya zisangalalo ina kunja pang'ono kwa mzinda, kumene kuli akatungwe a magetsi ndi tisitima tozondotsa anthu mutu pansi. Zimenezo Mayi Chimbalanga ankati ndi misala. Chawo chinali chimodzi, mabwato a m'phanga: timabwato ta anthu awiriawiri toyenda pang'onopang'ono pangalande, n'kulowa mumdima mokhala zidole ndi nyimbo, n'kukatulukira mbali ina. Mzere wake umatha ola lathunthu. Koma pafupi ndi khomo pali makina, ukadina chiwerengero cha anthu amalavula timatikiti tolembedwa nthawi yoti ubwerenso. Ukafika pa nthawiyo umalowera pa geti laling'ono osaima pamzere. Amakupatsa mphindi khumi zokha, ukachedwa tikiti yafa. Lucius atawaona koyamba makinawo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Nangozo, taonani, azungu nawonso atulukira mwala!"

Zaka zitatu zapitazo, m'mawa wa tsiku la ulendowu, Lucius anakumbukira kuti makiyi a kuntchito ali m'thumba mwake. "Kwerani basi ya mpingo, ine ndikawasiye kaye. Mundisungire malo, ndikubwera." Mayi Chimbalanga anafika kupaki, anadina anthu awiri, makina analavula matikiti a 3:10. Nthawi itakwana anaima pa geti laling'ono lija n'kumauza aliyense kuti adutse. Pagetipo pamagwira ntchito bambo wina wa imvi dzina lake Bryson, amene amatcha mayi aliyense "hen" monga amachitira anthu a kuno. Mayi Chimbalanga anasiya kalekale kukwiya kuti akutchedwa nkhuku. Itakwana 3:20 Bryson anawauza mwachisoni kuti nthawi yawo yatha. Iwo anangoseka n'kumuuza kuti amuna awo ndi otero. Foni inali m'chikwama, itazimitsidwa kulira. Sankadziwa kuti Lucius anagwa pa siteji ya basi pa Maryhill Road, mtima utaima. Pepala la kuchipatala linalemba kuti anamwalira 3:14, mkati mwenimweni mwa mphindi zawo khumi zija.

Anamuika kumanda a ku Lambhill. Koma maliro a kwathu satha ndi kukwirira. Pakapita nthawi akuchimuna amakhala pansi ndi mkazi wamasiye n'kumusudzula, kumuuza pamaso pa anthu kuti m'bale wathu wapita, inu tsopano ndinu omasuka. Malume ake a Lucius, a Ezekiel, anakana kuchita zimenezi patali. "Munthu sasudzulidwa pa foni, apongozi. Mudzabwere." Asanapite n'komwe, a Ezekiel nawonso anamwalira, ndipo otsalawo aliyense ankaloza mnzake. Mlongo wake wa Lucius ndiye anawachenjeza tsiku lina akucheza pa foni.

"Alamu, musazengereze nazo izi. Mkazi wosasudzulidwa akadali wa mwini wake. Tsiku lina amabwera kudzatenga."

"Ameneyo?" anatero Mayi Chimbalanga. "Adzachedwa."

Anaseka onse awiri, koma ambulera pa benchi yachitatu sinachoke. Ndipo Julaye aliyense mayiwa ankaima pa makina aja, n'kumadutsitsa anthu mpaka nthawi yoonetsedwa pagalasi ifike pa 3:10, n'kudina anthu awiri. Kenako ankaima pageti mphindi khumi, maso kunjira yochokera koimika magalimoto, n'kubwerera ku basi osakwera kanthu. Amayi a mpingo ankati amaopa madzi. Bryson, yemwe sanauzidwepo za maliro, ankangopukusa mutu kuti kunja kuno kuli amuna osasamala. Kate yekha ndiye ankadziwa, ndipo zinkamuopsa. Ankaona amayi ake akuonda, akuiwala kudya, akukhala pawindo la fulati yawo kuyang'ana ngalande ya ku Maryhill ngati munthu wodikira basi.

Chaka chino Kate anali woyembekezera, watopa kale, wosaloledwa kukwera chilichonse, ndipo mwamuna wake Malumbo anali kuntchito. Mwana wawo Uchizi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atalira sabata yonse kuti akufuna mabwato a m'phanga, koma mdima amauopa, ndiye akufuna alowe ndi agogo ake. M'basi Kate sanazungulire.

"Amayi, lero tikiti yachiwiriyo ndi ya Uchizi. Mwamva? Musakamuimike mwana pageti kudikira munthu amene sabwera. Adadi ndinawataya, sindikufuna muziwatsatira ndikuona. Mwanayu akufuna agogo amoyo."

"Iwe, ukundiyesa wamisala?" anatero mayiwo. "Ndamva."

Anamvadi, ndipo sananame. Koma chala chili ndi nzeru zake. Ataima pa makina, 3:10 itaoneka pagalasi, anadina anthu awiri, ndipo mumtima munatuluka mawu a chaka chilichonse asanawagwire: ine ndi bambo a Kate. Anachita manyazi, nayang'ana Uchizi ngati wamva. Mwanayo anali kalikiliki kunyambita ayisikirimu.

Tsikulo kunali kamvula kowaza kaja ka ku Glasgow, kosagwa kosaleka, ndipo chifunga chinali chitaphimba nsonga za akatungwe moti kukuwa kwa okwera kunkamveka kuchokera m'mwamba mopanda anthu. Kate anakakhala m'nyumba yodyera ndi amayi a mpingo. Agogo ndi mdzukulu anakhala pa benchi yoyang'anizana ndi geti, Uchizi kumanzere, atabisala pansi pa ambulera. Kumanja kunali kopanda munthu. Osaganiza n'komwe, Mayi Chimbalanga anatola kamwala m'maluwa, n'kuika tikiti imodzi pabenchi kumanja kwawoko, kamwala pamwamba.

Uchizi Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi cha ku Glasgow chija, chomeza theka la mawu. Anafunsa kuti mwalawo ndi wachiyani. Agogo anamusimbira za kudepoti ya ku Ntcheu, za miyala yokhala anthu, za mnyamata wa chipewa chofiirira. Mwanayo anaseka kwambiri, nayesa kutchula mawu aja, lilime likumupinda.

"Ndi-li pa-mbu-yo pa-nu."

"Eya, wakhoza! Ukamuuza munthu choncho wamumanga. Sangachoke n'kukusiya."

Akuyankhula choncho benchi inalira pang'ono, inati tswa, ngati ikakhalidwa ndi munthu wolemera. Mayi Chimbalanga anamva fungo la girisi ndi sopo wochapira, fungo limene anachapa m'maovolosi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sanatembenuke. Anayang'anitsitsa wotchi ya pageti mpaka inakwana 3:10, ndipamene anacheuka kuti atenge tikiti ya mwana. Kamwala kanali pomwepo. Tikiti panalibe. Anayang'ana pansi pa benchi, m'maluwa, m'chikwama, osaipeza. Anadziuza kuti ndi mphepo, koma kunalibe mphepo, mbendera za pakiyo zinali lende. Ndipo benchi yonse inali yonyowa kupatula pamalo pamenepo, pamene panali pouma, kukula kwake ngati pokhala munthu mmodzi. Anatola kamwalako n'kukafumbata, dzanja linalo n'kugwira Uchizi.

Anapita pageti ataganiza zomuchonderera Bryson kuti tikiti ya mwana yatayika. Koma Bryson atangowaona nkhope yake inawala, mpaka anaomba m'manja.

"Hen, lero wakwanitsa! Zaka zonsezi, lero mwamuna wanu uja wafika. Wangolowa kumene, ndi tikiti yake ya 3:10. Bambo wamtali, wa chipewa chofiirira, ali wefuwefu, wandipepesa kawiri konse. Akuti akusungirani malo. Ndamuimikira bwato la nambala seveni, fulumirani."

Bryson anatenga tikiti yawo, makina ake analira kuvomereza, chitsulo cha pageti chinatseguka.

"Tikiti imodzi munthu mmodzi, pepani," anatero Bryson akuyang'ana Uchizi. "Komanso bwato ndi la awiri. Kamtsikanaka kaime ndi ine pano, mphindi zisanu zokha mwatuluka."

Apa mpofunika kunena zoona, ngakhale zosakoma. Mayi Chimbalanga anasiya dzanja la mwanayo. Analisiya ndithu, chala chimodzichimodzi, n'kulowa.

Kuchokera pageti kufika pokwerera ndi mapazi khumi okha. Mabwato ena anali atapita, anthu a pamzere waukulu anali kuseri kwa khoma, ndipo nyimbo ya m'phangamo inkamveka patali ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Bwato la nambala seveni linali litaima pamalo pake, lofiira, utoto utasupuka m'mbali. Munalibe munthu. Koma linali litapendekeka, mbali ya kutali itamira kwambiri m'madzi, mmene limachitira bwato wina akakhala mbali imodzi. Mpando wa mbali ya kufupi unali wopukutidwa bwino, wopanda dontho ngakhale limodzi. Lucius ankatero, ankawapukutira pokhala ndi chipewa chake.

"Nangozo."

Sanali mawu a m'mutu ayi. Anachokera pabwatopo, otsika, amanyazi pang'ono, a munthu wonyadira kuti kamodzi kokha wachita bwino.

"Nangozo, lero ndafulumira."

Mantha anali nawo, koma chimene chinawakulira sichinali mantha. Chinali chimwemwe. Zaka zitatu za kudzuka pabedi lalikulu okha, za kuphika n'kutaya, za kuyang'ana chitseko cha tchalitchi nyimbo yachiwiri ikayamba, zonsezo zikanathera pampando wopukutidwawo. Kutsogolo kwa bwato kunali pakamwa pa phanga, bii, ndipo mumtima ankadziwa bwinobwino kuti akakhala pampandopo, kumbali inayo kukatuluka thupi lokha. Anadziwa, ndipo anafunabe. Anagwira chitsulo cha bwato, chozizira ngati chochokera mufiriji, n'kukweza phazi.

"Agogo!"

Kamawu kanali kakang'ono. Uchizi anali atakanikiza nkhope pa zitsulo za geti, ambulera yaikulu ija itamupendekera paphewa. Sankalira. Chingelezi chake chonse anachisiya, n'kutola mawu okhawo amene anali atangophunzira.

"Agogo, ndili pambuyo panu."

Ha! Mwana uyu. Mayi Chimbalanga anaima choncho, phazi lili m'malere. Pa moyo wawo wonse anali asanasiyepo munthu amene wawauza mawu amenewo, ngakhale mlendo wosamudziwa dzina, ngakhale m'chaka cha njala. Akanayamba lero, ndi mdzukulu wawo? Phazi linabwerera pansi lokha. Misozi inatsika, ndipo pamodzi ndi misoziyo panabwera kaukali kaja kamene ankamutsina nako Lucius m'tchalitchi.

"Bambo a Kate," anatero. "Zaka zonsezi kuchedwa, lero ndiye mwati mufulumire? Mwaona ndili ndi mwana. Kate nayenso watopa, mwezi wa mawa uno tikhala ndi khanda. Ndani akamusambitse, inu?"

Bwato linangoti phee. Madzi ankagunda pang'onopang'ono m'mbali mwake.

Anatambasula dzanja limene linafumbata kamwala kaja, anawerama, n'kukaika pakati pa mpando wopukutidwawo.

"Ndili pambuyo panu. Mundisungire malo. Ndikubwera, koma osati lero."

Anadikira. Fungo la girisi lija linawazungulira kamodzi, pafupi kwambiri, ngati munthu akamapumira pakhosi pako, kenako linayamba kuchepa. Ena akhoza kunena kuti anamva kuseka, koma Mayi Chimbalanga sanenapo zimenezo. Anatembenuka n'kuyenda mapazi khumi aja osacheuka, ndipo anali mapazi olemera kuposa onse amene anayendapo.

Bryson anali atasuzumira, akuyang'ana bwato, kenako mayiwo, kenako bwato. "Wapita kuti bambo uja? Palibe potulukira kwina kuno."

"Amuna anga anamwalira zaka zitatu zapitazo, bambo. Tsiku loyamba lija munandiuza kuti nthawi yatha. Lilekeni bwatolo lizipita."

Nkhope ya Bryson inayera ngati ufa. Anadina batani, ndipo bwato la nambala seveni linanyamuka lopendekeka choncho, n'kulowa mumdima. Kenako anati awalowetsa onse awiri pompo, popanda tikiti, asavutike. Mayi Chimbalanga anakana. Malo awo pa geti laling'ono anali atawasiyira mwala, ndipo munthu saima pamizere iwiri. Anagwira Uchizi n'kupita kumapeto kwenikweni kwa mzere waukulu, kumbuyo kwa banja lina la ku Pollokshields limene linawagawira maswiti.

Anaima mphindi makumi anayi ndi zisanu m'kamvula kaja. Atayandikira kutsogolo, pamene khoma limathera, ankatha kuona mabwato akutuluka m'phanga n'kubwera pokwerera. La nambala faifi linafika, anthu anatsika, ena anakwera. La nambala sikisi chimodzimodzi. Kenako linatulukira la nambala seveni, lopanda munthu, mbali imodzi itamirabe, kamwala kali pampando pomwe anakasiya. Anyamata awiri anathamangira kuti akwere, koma Bryson anawatchinga ndi mkono n'kulidutsitsa. Anthu pamzere anang'ung'udza kuti bwato labwinobwino likupitiranji lopanda kanthu.

Uchizi analiyang'ana mpaka linalowanso m'phanga, kenako anakoka chitenje cha agogo ake n'kufunsa m'Chingelezi chake chija kuti ankayankhula ndi ndani paja.

"Agogo ako aamuna."

Mwanayo anaganiza pang'ono, monga amachitira ana, osadabwa kwenikweni. Anafunsa ngati satopa kumangozungulira okha mumdimamo.

"Atope," anatero Mayi Chimbalanga, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ine ndakankha mwala wawo zaka makumi atatu ndi zitatu. Nawonso aphunzire kudikira."

Bwato la nambala eyiti linafika. Anamukweza Uchizi, iwo n'kukhala pambali pake, chitsulo chinatsika. Pamene mdima unkawameza anafinya dzanja la mwanayo mpaka anadandaula kuti akumupweteka, koma sanalisiye mpaka atatulukira mbali inayo.